Kauntala ndi Nkhokwe: Chifukwa Chake Mabuku Awiri a Malonda Ayenera Kumvana

M'nyumba iliyonse ya malonda, kaya ndi sitolo yaing'ono ya pa boma kaya ndi fakitale yaikulu yotumiza katundu kutsidya kwa nyanja, mumapezeka mabuku a mitundu iwiri. Buku loyamba limakhala kutsogolo, pafupi ndi kauntala, ndipo m'menemo mumalembedwa za anthu: dzina la wogula, kumene akhala, zimene amakonda kugula, zimene anadandaula ndiponso zimene analonjezedwa. Buku lachiwiri limakhala kumbuyo, m'manja mwa msungichuma ndi woyang'anira nkhokwe, ndipo m'menemo mumalembedwa za chuma: katundu amene alipo, ndalama zolowa ndi zotuluka, ngongole, malipiro a antchito ndi zinthu zofunika kugula mwezi wamawa.

Masiku ano mabuku awiriwa analowa m'makina a kompyuta, ndipo anapatsidwa maina a Chingerezi amene akumveka kawirikawiri m'misonkhano ya m'maofesi. Buku la kutsogolo lija likutchedwa Customer Relationship Management, mwachidule CRM, kutanthauza pulogalamu yosamalira ubale wa kampani ndi makasitomala ake. Buku la kumbuyo likutchedwa Enterprise Resource Planning, mwachidule ERP, kutanthauza pulogalamu yolongosolera chuma chonse cha kampani pamodzi ndi ntchito zake. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amayesa kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi, pamene ena amayesa kuti zimapikisana, kotero kuti kampani imene yagula chimodzi sifunanso chinzake. Maganizo onse awiriwa ngolakwa. Choona chake n'chakuti CRM imasunga malonjezo amene kampani yapereka, ERP imasunga zinthu zokwaniritsira malonjezowo, ndipo pamene ziwirizi zasemphana, woyamba kuvutika ndi wogula, kenaka kampani imatsatira.

Nkhaniyi iyenera kudziwika kwa akalaliki a Boma, pakuti maunduna ndi makampani a Boma akugula mapulogalamu otere ndi ndalama za msonkho. Iyeneranso kudziwika kwa aphunzitsi, pakuti ana amene ali m'kalasi lero ndiwo adzakhala pa makinawa mawa.

Kumene buku la kumbuyo linachokera

Buku la kumbuyo ndilo linayamba kulowa m'makina, chifukwa ntchito yake ndi ya masamu, ndipo masamu ndiwo makina oyambirira ankatha. Mu Novembala 1951 kampani ya J. Lyons and Company ya ku London, imene inali ndi nyumba zambiri zomweramo tiyi m'mizinda ya ku Britain, inayamba kugwiritsa ntchito kompyuta yake yotchedwa LEO powerengera mtengo wa buledi ndi makeke otuluka m'nyumba zake zophikira. Imeneyi ndiyo imadziwika kuti inali kompyuta yoyamba kugwira ntchito ya mu ofesi ya malonda mokhazikika. Anthu a ku Mulanje adzakumbukira kuti kampani yomweyi ndiyo inali mwini wa munda wa tiyi wa Lujeri kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Pofika chaka cha 1954 makina a LEO anali kuwerengera malipiro a antchito, ndiponso anali kulandira maoda ochokera kwa amai oyang'anira nyumba za tiyi zija, amene ankaimba lamya tsiku ndi tsiku kunena zimene adzafune mawa lake. Makinawo ankasandutsa maoda amenewo kukhala malangizo opita kwa ophika, kwa olongedza ndi kwa oyendetsa magalimoto. Pamenepa pakuoneka kuti kuyambira pachiyambi penipeni cholinga chinali chakuti mau a kutsogolo azifika msanga kumbuyo.

M'zaka za m'ma 1960 mafakitale a ku America anayamba njira yotchedwa Material Requirements Planning. Funso limene njirayi inkayankha ndi ili: ngati fakitale ifuna kupanga makina akutiakuti mwezi wakutiwakuti, kodi idzafuna zitsulo zingati ndi mawaya ochuluka bwanji, ndipo zimenezi ziitanitsidwe tsiku liti kuti zifike pa nthawi yake? Kampani ya Black & Decker inali imodzi mwa zoyamba kutsata njirayi mu 1964, ndipo Bambo Joseph Orlicky, amene anali injiniya ku kampani ya IBM, anatulutsa buku loifotokoza mu 1975. M'zaka za m'ma 1980 njirayi inakula niphatikizanso za ndalama, za antchito ndi za mphamvu ya makina a m'fakitale. Tsono mu 1990 bungwe lofufuza za malonda la Gartner linapereka dzina la ERP kwa mapulogalamu amene ankasonkhanitsa zonsezi m'kaundula mmodzi. Kampani imene inatchuka koposa pa ntchitoyi ndi SAP ya ku Germany, imene inayambitsidwa mu 1972 ndi amuna asanu ochokera ku IBM, ndipo pulogalamu yake ya R/3, imene inatuluka mu 1992, inafalikira m'makampani akuluakulu a maiko ambiri.

Mtima wa ERP ndi kaundula mmodzi ameneyu. Woyang'anira nkhokwe akatulutsa katundu nalemba m'makina, nthawi yomweyo buku la msungichuma limasintha, ndipo kalaliki wogula zinthu amaona kuti katundu wachepa. Palibenso kudikira kutha kwa mwezi kuti mabuku a zigawo zosiyanasiyana ayerekezedwe.

Kumene buku la kutsogolo linachokera

Buku la kutsogolo linachedwa, chifukwa zimene limasunga n'zovuta kuziwerengera. Kwa zaka zambiri wogulitsa malonda aliyense ankasunga makasitomala ake m'mutu mwake, m'kabuku ka m'thumba kapena pa timakadi ta pa tebulo, ndipo tsiku limene iye wasiya ntchito, zonse zimene ankadziwa za ogula zinkapita naye limodzi. Mu 1987 kunatuluka pulogalamu yotchedwa ACT!, imene inkasunga maina, manambala a lamya ndi masiku okumana ndi ogula pa kompyuta ya munthu mmodzi. Mu 1993 Bambo Tom Siebel, amene kale ankagwira ntchito ku kampani ya Oracle, anayambitsa Siebel Systems ku California, ndipo kampaniyi inakhala patsogolo pa malonda a CRM pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1999 Bambo Marc Benioff, nawonso ochokera ku Oracle, anayambitsa Salesforce ku San Francisco. Iwowa anabweretsa njira yakuti kampani isamagule pulogalamu yoika pa makina ake, koma iziigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti n'kumalipira ngati lendi.

CRM imagwira ntchito zitatu. Imathandiza kufunafuna anthu amene angathe kugula, imatsata zokambirana kuyambira tsiku limene munthu wafunsa mtengo mpaka tsiku limene wavomera kugula, ndiponso imasunga madandaulo ndi zopempha za munthu amene wagula kale. Phindu lake n'lakuti chidziwitso chimene chinali cha wogulitsa mmodzi chimasanduka cha kampani yonse, kotero kuti kasitomala akaimba lamya safunikanso kufotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi kwa kalaliki aliyense amene wayankha.

Komatu mabuku awiriwa ali ndi makhalidwe osiyana, ndipo ichi ndicho chiyenera kumveka bwino. M'buku la kutsogolo mumalowa ziyembekezo: wogulitsa angathe kulemba kuti mwina uje adzagula mwezi wamawa, ndipo ujeyo akapanda kugula palibe lamulo limene laswedwa. M'buku la kumbuyo mumalowa zinthu zotsimikizika zokhazokha, pakuti ndilo limaonedwa ndi ofufuza mabuku a ndalama ndiponso okhometsa msonkho, ndipo liyenera kulingana mpaka tambala yomaliza. Woyang'anira buku loyamba amayamikiridwa chifukwa cha changu, pamene woyang'anira lachiwiri amayamikiridwa chifukwa cha kusamala. N'chifukwa chake m'makampani ambiri a kutsogolo amaona ngati a kumbuyo amachedwetsa zinthu, ndipo a kumbuyo amaona ngati a kutsogolo amalonjeza mosaganizira.

Ulendo wa oda imodzi

Kuti ubale wa mapulogalamu awiriwa uoneke poyera, n'kwabwino kutsata oda imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mwachitsanzo, munthu womanga nyumba za sukulu wafika ku kampani yogulitsa simenti kudzafunsa mtengo wa matumba 500. Wogulitsa amalemba dzina lake mu CRM pamodzi ndi zimene akufuna. Koma asanatchule mtengo ayenera kudziwa zinthu zitatu zimene sizikhala m'buku lake. Choyamba ndi mtengo woona wa lero, umene umadalira ndalama zimene kampani inagulira simentiyo ndi zoyendetsera. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa matumba amene ali m'nkhokwe ndipo sanalonjezedwe kwa munthu wina. Chachitatu ndi mbiri ya ngongole ya womangayo, kuti zidziwike ngati analipira zimene anatenga kale. Zitatu zonsezi zimakhala mu ERP.

Womangayo akavomera mtengo, chiyembekezo chija chimasanduka oda, ndipo apa ndipo pali malire enieni a mabuku awiriwa. Oda imaoloka kuchoka ku CRM kupita ku ERP. Kumeneko matumba 500 aja amapatulidwa kuti asagulitsidwenso, galimoto imakonzedwa, kalata yoitanitsa malipiro, imene amalonda amaitcha invoisi, imalembedwa, msonkho umawerengedwa, ndipo ngati simenti yatsala pang'ono kalaliki wogula zinthu amachenjezedwa. Pambuyo pake nkhani imaolokanso kubwerera kutsogolo, kuti womangayo akafunsa kuti katundu wake ali pati, kapena ngati ndalama zake zinalandiridwa, wogulitsa ayankhe zoona nthawi yomweyo.

Palinso chinthu china chimene chimachoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndicho chithunzi cha malonda a m'tsogolo. Ogulitsa onse akalemba mokhulupirika anthu amene akukambirana nawo, akuluakulu a kampani angathe kuona kuti miyezi itatu ikudzayi kudzafunika katundu wochuluka bwanji, ndipo amaitanitsa zipangizo, kulemba aganyu kapena kukongola ndalama ku banki nthawi ikadalipo. Apa ndipo CRM imathandiza mapulani a kampani yonse. Koma ogulitsa akamakokomeza ziyembekezo zao pofuna kukondweretsa bwana, nkhokwe imadzaza ndi katundu wosagulika, ndipo simenti yokhalitsa imauma m'matumba.

Pamene mabukuwa sakumvana, zolakwa zake n'zodziwika. Katundu mmodzi amagulitsidwa kwa anthu awiri. Munthu amene ali ndi ngongole yakale amapatsidwa katundu wina pa ngongole. Mtengo umene wogulitsa ananena umasiyana ndi umene walembedwa pa invoisi, ndipo kasitomala amakana kulipira. Chilichonse mwa zimenezi chimadya phindu, ndiponso chimadya chikhulupiriro, chimene chimavuta kubweza kuposa ndalama.

Zimene zinaoneka ku Hershey mu 1999

Nkhani imene imaphunzitsidwa kwambiri pa mutu umenewu ndi ya kampani ya Hershey ya ku Pennsylvania, m'dziko la America, imene imapanga chokoleti ndi maswiti. Mu 1996 kampaniyi inayamba ntchito yosintha makina ake akale, pofunanso kupewa vuto limene linkaopedwa kuti makompyuta akale adzasokonezeka ikamadzafika 2000. Inasankha mapulogalamu atatu ochokera ku makampani atatu: R/3 ya SAP kuti ikhale buku la kumbuyo, pulogalamu ya Siebel kuti ikhale buku la kutsogolo, ndi ya Manugistics kuti izilongosola kayendedwe ka katundu. Ntchito yonse inadya ndalama zokwana madola 112 miliyoni. Ntchito imene inkayenera kutenga miyezi 48 inapanikizidwa kuti ithe m'miyezi 30, ndipo mbali zikuluzikulu za makinawo zinatsegulidwa nthawi imodzi mu Julayi 1999.

Mwezi umenewu unali woipa kuyambira chinthu chatsopano, pakuti ndi nthawi imene masitolo a ku America amaitanitsa maswiti a chikondwerero cha Halloween, chimene chimachitika pa 31 Okutobala, ndipo ndi nyengo ya malonda aakulu kwa opanga maswiti. Maoda anayamba kukakamira pakati pa njira. Chodabwitsa n'chakuti chokoleti chinalipo m'nkhokwe, ogula analipo ndi ndalama zao, koma oda inkalephera kuyenda kuchoka pa kauntala kukafika pa galimoto. Mu Sepitembala 1999 mkulu wa kampaniyo, Bambo Kenneth Wolfe, anavomera poyera kuti makina atsopanowo akulepheretsa kutumiza katundu. Maoda a ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni sanakwaniritsidwe, ndipo phindu la miyezi itatu imeneyo linatsika ndi magawo 19 pa 100 alionse. Malo amene maswiti a Hershey akadakhala m'masitolo anatengedwa ndi maswiti a makampani ena.

Ofufuza nkhaniyi sanapeze kuti pulogalamu ina mwa zitatuzo inali yachabechabe, pakuti mapulogalamu omwewo ankagwira bwino ntchito m'makampani ena. Zolakwa zinali pa kulumikiza ndi pa kukonzekera. Nthawi yoyesera makina inafupikitsidwa, antchito anaphunzitsidwa mothamanga pamene ntchito inali itachuluka, ndipo zonse zinayamba pamodzi m'malo moyamba chimodzichimodzi. Zinamvekanso kuti kampaniyo inali ndi chizolowezi chosunga maswiti m'zipinda zina zapadera pa nyengo ya malonda ambiri, ndipo zipinda zimenezi sizinalembedwe m'kaundula watsopano. Antchito akale ankadziwa kumene katunduyo ali, koma makina sankadziwa, ndipo chimene makina sadziwa sangachitumize. Mu 2002 kampani yomweyi inakonzanso makina ake a SAP modekha ndi moyesa bwino, ndipo ntchitoyo inatha popanda chisokonezo. Akulu akale ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira zitatu zolumikizira

Makampani amalumikiza mabuku awiriwa m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Njira yoyamba ndiyo kugula zonse kwa wogulitsa mmodzi. Makampani aakulu opanga mapulogalamu anazindikira msanga kuti ogula ambiri adzafuna chomwechi, ndipo anayamba kugula anzao. Oracle, imene inali kale ndi mapulogalamu a kumbuyo, inatsiriza kugula Siebel Systems mu 2006 pa mtengo wa madola pafupifupi 5.8 biliyoni. Microsoft inagula Great Plains mu 2001 ndi Navision ya ku Denmark mu 2002, zonse ziwiri za kumbuyo, inatulutsa CRM yakeyake mu 2003, ndipo mu 2016 inaika mitundu iwiriyi pansi pa dzina limodzi la Dynamics 365. Ubwino wa njirayi ndi wakuti pakavuta woyankha ndi mmodzi. Kuipa kwake n'kwakuti kampani imamangika kwa wogulitsayo, ndipo akakweza mtengo kuchoka kumakhala kovuta. Ndiponso dzina limodzi silitanthauza nthawi zonse kuti kaundula ndi mmodzi, pakuti mapulogalamu ena obadwira kosiyana amafunabe ntchito yowalumikiza ngakhale ali ndi mwini mmodzi.

Njira yachiwiri ndiyo kusankha pulogalamu yabwino ya kutsogolo kwa wogulitsa wina, yabwino ya kumbuyo kwa winanso, n'kumanga mlatho pakati pake. Mlathowo ndi pulogalamu yachitatu imene imanyamula maoda, mitengo ndi maina kuchoka uku kupita uko. Kufunika kwa milatho yotere kunaoneka mu 2018, pamene Salesforce inagula kampani ya MuleSoft, yodziwika ndi ntchito imeneyi, pa mtengo wa madola pafupifupi 6.5 biliyoni. Njirayi imapatsa chigawo chilichonse chida chochiyenera, koma mlatho umafuna ousamala nthawi zonse, pakuti mbali imodzi ikasinthidwa mlathowo ungathe kuleka kugwira ntchito popanda wozindikira msanga.

Njira yachitatu ndiyo ya manja, pamene kalaliki amawerenga oda mu pulogalamu imodzi nailembanso mu inzake. Kwa kampani yaing'ono imene imalandira maoda owerengeka pa tsiku njirayi n'njokwanira, ndipo palibe chifukwa chochitira nayo manyazi. Koma maoda akachuluka zolakwa zimachulukanso, ndipo mabuku awiri aja amayamba kunena zinthu zosiyana.

Pa funso lakuti choyamba kugula n'chiti, yankho limadalira pamene pakupweteka. Kampani imene sidziwa katundu amene ili naye, kapena imene imachedwa kutseka mabuku a ndalama, iyenera kuyamba ndi la kumbuyo. Kampani imene mabuku ake a ndalama ali bwino koma ikutaya ogula chifukwa chosawayankha iyenera kuyamba ndi la kutsogolo. Kukopa ogula ambiri pamene nkhokwe ili yosalongosoka ndiko kuchulukitsa anthu okhumudwa.

Dzina limodzi, mwini mmodzi

Njira iliyonse imene yasankhidwa, pali ntchito imodzi imene makina sangagwire m'malo mwa anthu, ndiyo kugamula kuti chinthu chilichonse mwini wake ndani. Kasitomala mmodzi angathe kulembedwa katatu: kutsogolo ndi dzina la sitolo yake, kumbuyo ndi dzina la kampani yake yolembetsedwa ku Boma, kwinanso ndi dzina lomwelo lolembedwa molakwika. Kwa makina amenewa ndi anthu atatu, ndipo ngongole ya mmodzi siioneka pa dzina la mnzake. Chomwechonso katundu mmodzi angathe kuwerengedwa m'matumba ku kauntala ndi m'matani ku nkhokwe. Choncho makina asanalumikizidwe, akaundula akale ayenera kuyeretsedwa, kasitomala aliyense apatsidwe nambala imodzi, ndipo kulembedwe poyera kuti mtengo, msonkho ndi malire a ngongole zimasinthidwa kumbuyo kokha, pamene nambala ya lamya ndi mbiri ya zokambirana zimasinthidwa kutsogolo.

Kulumikiza mabuku sikutanthauza kuti aliyense alembe paliponse. Wogulitsa ayenera kuona ngongole ya kasitomala, koma sayenera kukhala ndi mphamvu yoifafaniza. Woitanitsa katundu asakhale yemwenso wovomereza malipiro ake. Aliyense wosintha kanthu asiye chizindikiro chosonyeza dzina lake ndi nthawi yake. Dziko la Malawi linaona kufunika kwa malamulo amenewa mu 2013, pa nkhani imene inatchedwa Cashgate, pamene malipiro achinyengo anadutsa m'makina a ndalama za Boma ndipo zolembedwa zake zinafafanizidwa. Ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Palinso za ufulu wa anthu olembedwa m'makinawa, pakuti kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa ndi makampani ndi mabungwe, ndipo pamene mabuku alumikizidwa maso oona mbirizo amachuluka.

Phunziro kwa antchito a Boma ndi aphunzitsi

Boma siligulitsa maswiti, komabe lili ndi mabuku awiri omwewa. Buku lake la kumbuyo ndi makina a ndalama odziwika ndi dzina lakuti IFMIS, amene kuyambira 2005 ankayendera pulogalamu ya Epicor, ndipo kuyambira 2020 anayamba kusamutsidwira ku pulogalamu ya SAP. Buku la kutsogolo ndi malo alionse amene nzika imakumana ndi Boma: wokhoma msonkho, wopempha chiphaso, wamalonda amene anaperekera katundu ku unduna ndipo akudikira malipiro, kapena munthu wopuma pa ntchito amene akufunsa za penshoni yake. Munthu wotere akauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa chifukwa kalaliki wa pa kauntala satha kuona ngati malipiro avomerezedwa, vuto lake ndi lomwe lija la mabuku osamvana. Kwa munthu wochokera kumudzi, kubweranso kumatanthauza ndalama ya basi ndi tsiku lathunthu losiya ntchito ya kumunda.

Mphunzitsi wamkulu amadziwa chinthu chomwechi m'sukulu yake. Kaundula wa ana ndi makolo ao ali kutsogolo, buku la madesiki, mabuku ophunzirira ndi ndalama lili kumbuyo, ndipo kulandira ana popanda kuyang'ana zipangizo ndiko kulonjeza chimene palibe. Aphunzitsi a maphunziro a zamalonda ndi a kompyuta angachite bwino kuphunzitsa ana ulendo wa oda imodzi, kuyambira pa funso la wogula mpaka pa lisiti, asanawaphunzitse maina a mapulogalamu, pakuti maina amasintha koma ulendowo susintha.

Choncho komiti iliyonse imene yapatsidwa udindo wogula makina otere, m'kampani kapena mu unduna, iyenera kufunsa mafunso anai isanasaine pangano. Kodi dzina la kasitomala lidzasungidwa kuti, ndipo wololedwa kulisintha ndani? Kodi oda idzaoloka bwanji kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo ikakakamira adzazindikira ndani? Kodi nthawi yoyesera makina ndi yophunzitsira antchito yaikidwa yokwanira, ndipo tsiku loyambira lapewa nyengo ya ntchito yambiri, monga kutha kwa chaka cha ndalama kapena kutsegulira kwa sukulu? Kodi zinthu zimene antchito akale amadziwa pamtima zalembedwa zonse m'kaundula? Safunsa anadya phula. Wogulitsa pulogalamu amene sangayankhe mafunsowa momveka ayenera kupemphedwa kuti akakonzeke kaye, ndipo ndalama za kampani kapena za msonkho zidikire kufikira atabwera ndi mayankho.